Moto Wosazima Usiku Wonse: Mmene Owamba Nyama ku America Amasamalira Makala

Nyama ya pachifuwa cha ng'ombe ndi yolimba mwachibadwa. Ng'ombe ilibe mafupa aja opingasa pansi pa khosi amene munthu ali nawo, choncho minofu ya pachifuwa ndiyo imanyamula gawo lalikulu la thupi lake tsiku ndi tsiku. Minofu yogwira ntchito chonchi imadzaza ndi mitsempha. Munthu akaiotcha pa moto waukali, imapserera kunja m'kati ili gwa, yosatheka kutafuna.

Ku Texas, ku Kansas City ndi ku Carolina, m'dziko la United States, anthu adazolowera njira ina. Nyamayo amaiika patali ndi moto, m'chowambira chotsekedwa bwino, pa kutentha kwa pakati pa madigiri 107 ndi 121 a Celsius, n'kuisiya mmenemo mpaka kolajeni wa m'mitsempha ija asungunuke n'kukhala ngati phala lofewa. Nthuli ya pachifuwa, imene iwo amaitcha brisket, ikakhala ya makilogalamu 6 imafuna maola 12 mpaka 16 kuti m'kati mwake mufike madigiri pafupifupi 95. Phewa la nkhumba nalonso limatha usiku wathunthu.

Apa ndi pamene pagona ntchito. Makala akakolera onse nthawi imodzi amatentha mopyola muyezo kwa ola limodzi kapena awiri, kenako n'kuyamba kufooka. Wowamba nyama amafuna zosiyana ndi zimenezo: moto waung'ono, wosakwera wosatsika, woti ufike m'mawa. Luso lonse lili pa zinthu ziwiri, kasanjidwe ka makala ndi kuchuluka kwa mpweya umene akuulola kulowa.

Makala a mitundu iwiri

Makala ndi nkhuni zimene zatenthedwa pamalo a mpweya wochepa mpaka madzi ndi zina zouluka zitachokamo, n'kutsala kaboni. M'masitolo a ku America amapezeka m'mitundu iwiri. Pali makala wamba, zidutswa za mtengo zosiyanasiyana kukula kwake, ndiye pali makala oumba, mabuliketi, amene amapangidwa ndi fumbi la makala losakaniza ndi sitalichi kuti ligwirane, pamodzi ndi zina monga miyala ya laimu yopera.

Mbiri ya makala oumba imakhudza galimoto. Ellsworth Zwoyer wa ku Pennsylvania adalembetsa njira youmbira mabuliketi m'chaka cha 1897, koma amene adawafalitsa ndi Henry Ford. Galimoto zake za Model T zinkalowa matabwa ambiri, ndipo kumacheka ake a kumpoto kwa Michigan kunkatsala milu ya utuchi ndi zibenthu. M'zaka za m'ma 1920 Ford adayamba kusandutsa zotsalazo kukhala makala oumba, n'kumawagulitsa kudzera mwa ogulitsa galimoto zake. Edward Kingsford, mwamuna wa msuweni wake, ndiye adamuthandiza kupeza malo a nkhalango ndi a fakitale. Bizinesiyo itagulidwa ndi anthu ena mu 1951, idapatsidwa dzina la Kingsford, lomwe lili pamatumba a makala mpaka lero.

Owamba nyama amatsutsana kwambiri pa mitundu iwiriyi. Makala wamba amakolera msanga, amatentha kwambiri, amasiya phulusa lochepa, ndipo amamvera mwachangu munthu akasintha mpweya. Koma poti zidutswa zake n'zosalingana, pamakhala mipata ikuluikulu imene moto umatha kudumpha kapena kuthamangiramo. Makala oumba ndi ofanana onse, amasanjika mothithikana, ndipo munthu angathe kuwawerenga. Amene adawambapo ndi mabuliketi 100 sabata yatha amadziwa zimene mabuliketi 100 achite lero. Kuipa kwake ndi phulusa lochuluka, lomwe limadzavutitsa usiku ukapita.

Pali mtundu umodzi umene aliyense wodziwa ntchitoyi amaukana: mabuliketi onyikidwa kale m'mafuta oyatsira. Pa moto wa maola ambiri makala amakolera pang'onopang'ono usiku wonse, ndiye kuti fungo la mafutawo lingamalowe m'nyama usiku wonsenso. M'malo mwake amagwiritsa ntchito chitini choyatsira, chachitali ngati chumuni, chokhala ndi sefa chakumunsi. Makala amathira pamwamba, pansi n'kuyatsa pepala, ndipo pakatha mphindi 15 kapena 20 amakhala ali psuu.

Kuyatsira pamwamba

Kampani ya Weber idatulutsa chowambira chotchedwa Smokey Mountain mu 1981. Ndi chachitsulo, choimirira, cha zigawo zitatu. Pansi pali sefa ya makala yozunguliridwa ndi mkombero wachitsulo wobooleka, pakati pali beseni la madzi, pamwamba pali masefa awiri a nyama ndi chivindikiro. Timakomo ta mpweya tilipo titatu kumunsi ndi kamodzi pachivindikiro. Kwa zaka zambiri anthu ankayatsa makala onse kaye asanaike nyama, ndipo maola angapo akadutsa ankayenera kuwonjezera ena.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, Jim Minion, wopikisana pa zowamba nyama wa m'chigawo cha Washington, adachita mwina. Adadzaza mkombero uja ndi makala osayatsa, n'kuthira pamwamba pake makala ochepa oyaka. Moto udayamba pamwamba n'kumatsika pang'onopang'ono, khala lililonse likuyatsa linzake la pansi ndi la m'mbali. Njirayi idafala pakati pa anzake mpaka idatenga dzina lake.

Ubwino wake umaoneka pa nthawi. Chowambira chodzazidwa motere chimatha kusunga madigiri 107 mpaka 121 kwa maola 12, nthawi zina mpaka 18, popanda kuwonjezera khala ndi limodzi lomwe. Chiwerengero cha makala oyambira chimadalira nyengo. Kukakhala kotentha kopanda mphepo, mabuliketi oyaka 20 amakwanira. Kukazizira kapena kukagwa mvula amafika 40, ndipo m'chisanu choopsa ena amayatsa mpaka 60. Ena amakonda kukumba kadzenje pakati pa mulu n'kuthiramo oyakawo kuti moto uziyenda kuchokera pakati kupita m'mbali.

Amene amaikayikira njirayi amati makala oumba akamakolera kumene amatulutsa kafungo kamene kangaipitse nyama. Amene amaikonda amayankha kuti utsi wa makala a pansi umadutsa kaye m'makala oyaka a pamwamba, ndipo zambiri zonunkhazo zimapserera pomwepo. Mkanganowu sunathe, koma njirayo ndi imene anthu ambiri a zowambira zoimirira amatsata masiku ano.

Njoka ya makala

Si aliyense ali ndi chowambira chenicheni. Mabanja ambiri ali ndi chootchera chobulungira chija chimene George Stephen adapanga mu 1952 ku Chicago, atadula pakati chimpira chachitsulo cha mtundu umene umayandama panyanja kulozera njira ya zombo. Kampani ya Weber, imene imapanga chootcherachi, imasimba kuti moto unkazima m'chootchera choyambacho mpaka pamene adachiboola kuti mpweya uzilowa.

M'chootchera chotere mulu waukulu wa makala ungayandikane kwambiri ndi nyama, ndiye anthu adatulukira kasanjidwe kamene amakatcha njoka. Mabuliketi amawandandalika m'mphepete mwa sefa ya pansi, awiriawiri m'lifupi ndi awiriawiri kukwera m'mwamba, otsamirana bwinobwino, mpaka mzerewo utazungulira magawo atatu a magawo anayi a chootcheracho. Mutu ndi mchira siziyenera kukhudzana, chifukwa moto ungayambe mbali zonse ziwiri. Kumutu amathirako mabuliketi oyaka 8 kapena 10, pakati n'kuika mbale ya madzi, nyama pamwamba pa mbaleyo. Moto umakwawa motsatira mzerewo, ndipo nthawi iliyonse makala amene akuyaka amakhala ochepa chabe. Njoka yosanjidwa mosamala imatha maola 10 kapena 12.

Moto ukamayenda, wowamba amatembenuza sefa ya pamwamba kuti nyama isakhale pamwamba penipeni pa malo oyaka. Amatembenuzanso chivindikiro kuti kakhomo ka utsi kakhale mbali yotalikirana ndi moto, utsi uzidutsa pa nyama usanatuluke.

Mpweya ndiwo chiwongolero

Aliyense amene adaphikapo pa mbaula amadziwa kuti kakhomo ka m'munsi kakatseguka n'kuloza kumphepo, makala amalusa, ndipo kakatsekedwa amafatsa. Chowambira chimayendera lamulo lomwelo. Kaboni wolemera kilogalamu imodzi amafuna okosijeni wokwana makilogalamu pafupifupi 2.7 kuti apse yense, ndiye kuti mpweya wopitirira makilogalamu 11. Makala angachuluke bwanji m'chowambira, amene angayake ndi okhawo amene mpweya wolowawo ungakwanitse kudyetsa. N'chifukwa chake mulu waukulu wa Minion suyaka wonse nthawi imodzi.

Odziwa ntchito amasiya kakhomo ka pamwamba kali kotsegula, n'kumawongolera moto ndi timakomo ta pansi. Mpweya wotentha ukamatuluka pamwamba umakoka wozizira kuti ulowe pansi. Kakhomo ka pamwamba kakatsekedwa, utsi umaunjikana m'kati, moto umanyeka mobanika, ndipo nyama imatuluka yowawa ndi mwaye.

Nthawi yovuta koposa ndi ola loyamba. Kukweza kutentha n'kosavuta, koma kukutsitsa makala ambiri atakolera kale ndi ntchito ya maola. Motero wowamba amayamba timakomo tonse tili totsegula, ndipo muyezo ukafika cha m'ma 90 amatitseka kwambiri, n'kusiya kampata kakang'ono, kuti kutentha kufike pa 110 kukuyenda mwakachetechete. Akasintha kakhomo amadikira mphindi 15 asanakhudzenso, pakuti moto suyankha nthawi yomweyo. Anthu oyamba kumene amalakwa pomwepa. Amatsegula, kutentha n'kulumpha, amatseka, moto n'kufooka, usiku wonse n'kuthera pa kuthamangitsana ndi muyezo pamene nyama ikadapsa bwinobwino ngakhale kutentha kukadamasewera pakati pa 105 ndi 125.

Zowambira zadothi ndiye sizikhululuka pa nkhani imeneyi. Big Green Egg, imene Ed Fisher adayamba kugulitsa ku Atlanta mu 1974 potengera mbiya zophikira mpunga za ku Japan, ili ndi makoma ochindikala osunga kutentha. Imadya makala ochepa zedi, ndipo mwini wake amayatsa malo amodzi okha pamulu wa makala wamba. Koma dothilo likatentha mopyola, limatenga nthawi yaitali kuti lizizire.

Chivindikiro nachonso ndi khomo, lalikulu kuposa onse. Chikavundukulidwa, kutentha kumathawa, mpweya wambiri n'kukhamukira pa makala. Muyezo umayamba watsika, koma pakapita mphindi zingapo umakwera kupitirira pamene udali. Pofuna kupewa kusuzumira, ambiri amaika tizipangizo toyezera tokhala ndi nthambo, kena pasefa pafupi ndi nyama, kena m'kati mwa nyamayo, n'kumawerenga ali panja. Choyezera cha pachivindikiro sachidalira kwenikweni chifukwa chimakhala kutali ndi pamene pali nyama.

Beseni la madzi limathandiza kuti kutentha kusalumphe, poti madzi sapitirira madigiri 100 ndipo amameza kutentha kowonjezera akamasanduka nthunzi. Koma kuwiritsa madzi usiku wonse kumadya makala. Ena amathira madzi otentha kale, ndipo ena amasiya madzi n'kuikamo mchenga kapena mbale yadothi yokutidwa ndi pepala la aluminiyamu.

Utsi wabwino ndi woipa

Makala amapereka kutentha, koma fungo lenileni limachokera ku zidutswa za nkhuni zouma. Ku Texas amakonda mtengo wa post oak ndi mesquite, kwina hickory, pecan, kapena mitengo ya zipatso monga apulo ndi cherry. Paini ndi mitengo ina ya utomoni saiyandikiza, chifukwa utsi wake umawawitsa nyama. Zidutswa zitatu kapena zisanu zazikulu ngati nkhonya zimakwanira. Amazikwirira m'malo osiyanasiyana m'mulu wa makala, kapena kuziika pamsana pa njoka chakumutu, kuti zizipsa motsatizana m'maola oyambirira pamene nyama ili yozizira ndi yonyowa, nthawi imene utsi umamatirira bwino.

Utsi wokhuthala woti mbuu ndi chizindikiro chakuti nkhuni zikunyeka popanda mpweya wokwanira. Umanyamula timadontho ta phula towawa tomwe timachititsa dzanzi lilime. Utsi umene wowamba amaufuna ndi wopyapyala, wobiriwira pang'ono ngati thambo, wovuta kuuona. Ambiri amadikira kuti utsi woyera woyambirira uthe asanalowetse nyama. Mzere wofiirira umene umaoneka pansi pa khungu la nyama yowamba umabwera pamene mipweya iwiri ya m'moto, nitric oxide ndi carbon monoxide, yagwirana ndi chinthu chofiiritsa minofu chotchedwa myoglobin.

Mpweya wachiwiriwo ndi wakupha. Ulibe fungo, ulibe mtundu, ndipo moto wopanidwa mpweya umautulutsa wochuluka. Ngakhale mvula igwe bwanji, chowambira sichilowa m'nyumba, m'galaja kapena m'tenti.

Pakati pa usiku

Maola angapo akadutsa, pamachitika chinthu chimene chasokoneza anthu ambiri. Kutentha kwa m'kati mwa nyama kukafika pakati pa madigiri 65 ndi 75, kumaima. Ola limatha, lachiwiri, nthawi zina mpaka maola anayi kapena kupitirira, muyezo uli pomwepo. Kale ena ankati ndi mafuta amene akusungunuka. Greg Blonder, katswiri wa fizikisi wa ku Boston University, adayesa poika m'chowambira nthuli ya mafuta okhaokha a ng'ombe ndi siponji yonyowa. Mafutawo adatentha mosalekeza, koma siponji idaima monga imachitira nyama. Choimitsa ndi madzi amene akuuluka pamwamba pa nyama n'kumaiziziritsa.

Wosadziwa amaganiza kuti moto wachepa, n'kutsegula timakomo tonse, makala ofunika m'bandakucha n'kupsa pachabe. Wodziwa amasankha chimodzi mwa ziwiri. Akhoza kudikira, podziwa kuti adathira makala okwanira. Akhozanso kukulunga nyamayo m'pepala la aluminiyamu kapena m'pepala lolimba la ogulitsa nyama kuti madzi asiye kuuluka, ndipo potero amapulumutsa maola angapo pamodzi ndi makala ake.

Kutentha kwa chowambira chenichenicho kukayamba kutsika pakatha maola 8 kapena 10, kawirikawiri vuto silikhala kutha kwa makala. Limakhala phulusa. Limakuta makala oyaka, limatseka mipata ya sefa, ndipo likachuluka pansi limafika potseka timakomo. Mankhwala ake ndi kugogoda miyendo ya chowambira pang'onopang'ono, kapena kutakasa makala mofatsa ndi chitsulo kudzera pachitseko cha m'mbali, mosamala kuti phulusa lisaulukire pa nyama. Nthawi zambiri moto umadzuka pakangopita mphindi zochepa. Ngati makala athadi, wowamba amakankhira otsalawo pamodzi n'kuwonjezera ena. Moto ukadali ndi mphamvu amaika osayatsa pambali pake, koma ukafooka kwambiri amayatsa ena m'chitini chija n'kuwathira ali oyaka kale.

Mphepo imadya makala kuposa chisanu. Imaziziritsa makoma achitsulo kwinaku ikukankhira mpweya m'timakomo. Wowamba amatseka kakhomo koyang'ana kumphepo n'kugwiritsa ntchito ta kuseri, kapena amaimika chotchinga. M'miyezi yozizira ena amafunditsa chowambira bulangete losapsa la owotcherera zitsulo, n'kusiya timakomo poyera.

Fosholo, nkhuni ndi makina

Njira zonsezi ndi za munthu amene akufuna kugonako pang'ono. Akatswiri a miyambo yakale sagona. Rodney Scott, amene adakulira ku Hemingway m'chigawo cha South Carolina ndipo adalandira mphoto ya akatswiri ophika ya James Beard mu 2018, amawamba nkhumba yathunthu kwa maola pafupifupi 12 ndi makala opanga yekha pomwepo. Nkhuni zimayaka mumgolo wachitsulo wopingasidwa ndi zitsulo, makala oyaka amagwera pansi, ndipo munthu amawatapa ndi fosholo n'kukawawaza pansi pa mapewa ndi ntchafu za nkhumba, mobwerezabwereza mpaka kucha. Ku Austin, ku Texas, Aaron Franklin, amene adayamba kugulitsa nyama m'kalavani mu 2009 n'kulandira mphoto yomweyo mu 2015, amasonkha nkhuni za post oak m'bokosi la moto lomwe lili pambali pa chowambira. Moto wotere umafuna chikuni chatsopano pafupifupi theka la ola lililonse.

Mbali inayo kuli makina. Pali tizipangizo tokhala ndi kafani kamene kamamangidwa pakakhomo ka pansi: kutentha kukatsika kamauzira mpweya, kukafika pamuyezo kamaleka. Palinso zowambira zokhala ndi chumuni chachitali chotsekedwa pamwamba chimene amadzazamo makala. Amayaka ndi a pansi okha, pamene pali mpweya, ndipo akamapsa a pamwamba amatsetsereka okha kulowa m'malo. Bungwe la Kansas City Barbeque Society, limene limayendetsa mipikisano yambiri ya nkhuku, nthiti, phewa la nkhumba ndi brisket, limalola mafani otere, koma limakana kuphika ndi gasi kapena magetsi. Kutentha kuyenera kuchokera ku nkhuni kapena makala.

Nyama ikapsa amaichotsa n'kuikulunga kuti ipume ola limodzi kapena kupitirira, ndipo timakomo tonse amatitseka kuti moto ubanike. Makala otsala amawasefa tsiku lina n'kuwasakaniza ndi atsopano. Phulusa amalisiya masiku awiri asanalitaye, ndipo amalithira m'ndowa yachitsulo, chifukwa khala lokwiririka limasunga moto nthawi yaitali. Ambiri mwa opikisana amasunganso kabuku. Amalembamo mtundu wa makala ndi kuchuluka kwake, angati adayatsidwa poyamba, kulemera kwa nyama, mmene kunja kudachera, kukula kwa mpata wa kakhomo kalikonse ola ndi ola, nthawi imene adagogoda phulusa, ndi makala amene adatsala m'mawa. Zowambira ziwiri za kampani imodzi zimatha kusiyana kadyedwe ka makala chifukwa cha timipata ta pachitseko ndi pachivindikiro, choncho wogula chatsopano amayamba kabuku kake pa tsamba loyamba, kawirikawiri ndi phewa la nkhumba, lomwe mafuta ake ambiri amapirira kutentha kosinthasintha kuposa brisket.